Rozi wa pamtumbira

"Chomera si chizindikiro, chimayenda." Anandichenjeza choncho ndi azakhali anga, ine ndili mtsikana, tikubzala chinangwa m'malire a munda. Ndinangoti nkhani za akuluakulu.

Mwana wanga wamkazi anamwalira zipani zitangoyamba kumene, ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula. Anandisiyira ana awiri. Mtanda wa thabwa unadyedwa ndi chiswe. Tinaika wachitsulo, anthu anazula kukasulira makasu. Ndiye ndinadula kanthambi ka rozi wa pakhomo panga n'kukabzala kumutu kwake. Rozi ameneyo anabwera naye malemu amuna anga kuchokera ku esiteti ya tiyi kumene ankagwira ntchito, ndipo pakhomo tinkangoti wa ku esiteti. M'mudzi monse munalibe wina.

Kumanda sulowako ngati kumunda, umadikira maliro. Ndipo maliro zaka zimenezo anali osatha. Mitumbira inathinana, mvula inaisalaza, mtengo umene ndinkayezera anaudula ootcha njerwa. Miyendo itayamba kundivuta ndinkatsala kusiwa ndi amayi anzanga. Mtima unali m'malo, poti rozi alipo.

Patapita zaka mwana wanga wamwamuna, mchimwene wa malemuyo, anabwera kuchokera ku tauni ndi simenti, akuti timange chiliza. Titapempha kwa eni manda tinalowa. Ndinapeza marozi atatu, pa mitumbira itatu yoyandikana. Amene anakumba manda a mwanangayo nawonso anali atagona momwemo.

Ndinapita kwa mayi wa kutsidya kwa mtsinje amene anaika mwamuna wake pamenepo.

"Rozi wathu ndi wa asisitere, anatipatsa ku mishoni," anatero.

"Munabzala pati?"

"Anabzala ndi ana. Inu agogo, mukufunsa ngati apolisi bwanji?"

Banja linalo linati wawo ndi wa ku Milanje, anachokera kwa abale awo ku Mozambiki. Pa mtumbira uti, anayamba kutsutsana okhaokha ine ndili pomwepo.

Anthu amati sindikhulupirira munthu, ndipo sanama. Koma tsiku limenelo ndinafunitsitsa kuti akhale akunena zoona. Akanakhala marozi atatu osiyana, wanga ndikanamudziwa. Ndinathyola duwa pa mtumbira uliwonse, ndi tsamba lake, ndi kanthambi, n'kuziyala pamphasa pambali pa za pakhomo. Minga yonse yokhotera pansi ngati chala cha kabawi. Kufiira kumodzimodzi, kuderako m'mphepete. Ndinanunkhiza mpaka mutu kuwawa. Mayina atatu, mtengo umodzi. Kaya anthuwo anadula pa wanga wa kumanda, kaya pakhomo pano ine ndili kuchigayo, sindidziwa.

"Amayi, ingolozani umodzi. Onsewo ndi anthu," anatero mwana wanga wamwamuna uja.

Ndinakana. Dzina la mwana wanga wamkazi likagone pa mwamuna wa eni? Mchimwene wakeyo anabwerera ku tauni atakwiya, simenti inaumira m'nyumba. Adzukulu anga akula tsopano, ndipo wamng'onoyo safunsanso kuti amayi ake ali pati.

Ndimamva kuti alipo anthu odziwa maluwa, amene amatha kuona tsinde n'kunena kuti uwu unayamba kubzalidwa, uwu unabwera pambuyo. Ngati muli mmodzi wa iwo, kapena mukungodutsa popita ku Migowi, mudzapatuke mudzandione. Ndimakhala ndekha masana onse. Mudzaodire muli kumsewu, ndiyambe ndakuonani nkhope.