Wapolisi Amene Sankadya

Patatha miyezi inayi madzi osefukira ataphwa kwathu ku Dwangwa, anthu a m'dera lathu anagwirizana zophika chakudya pabwalo la sukulu yomwe ndimaphunzitsa. Ankafuna kuthokoza apolisi ndi a kukhonsolo amene anapulumutsa anthu ndi maboti n'kuwasunga m'makalasi. Ine sindinkafuna kupitako. Mkazi wanga anali mmodzi mwa anthu amene sanapezeke. Tsiku la madzilo ndinali kuboma kumsonkhano wa aphunzitsi, ndipo mwana wathu wamkazi anali kwa azakhali ake kumtunda.

Anandikakamiza ndi alongo anga. "Achimwene, musamangobindikira m'nyumba. Mudzangotitulutsira mabenchi, mukatha muzibwerera."

Mabenchi ndinatulutsa, koma sindinabwerere. Amayi a kutchalitchi ndi a kumzikiti anali ataika mafuwa pansi pa mitengo ya mango. Mbuzi anazinga ndi ashehe kuti aliyense adye mosakayika, asodzi anabweretsa utaka, ndipo mpunga unachokera kwa abale akutali chifukwa wathu unakokoloka. Akhansala analankhula nthawi yaitali. Mkulu wa apolisi anangopempha kuti tiimirire, tikhale chete pokumbukira amene anatisiya.

Nditalandira mbale yanga ndinakakhala pakhonde la kalasi, kutali ndi anthu. Posakhalitsa panabwera wapolisi wina wamsinkhu wanga. Anakhala pambali panga, mbale ili pamaondo, koma sankadya.

"Aphunzitsi," anatero, "ndinafika pakhomo panu kawiri, koma ndinabwerera osagogoda. Mayi akunyumba kwanu ndinawaona m'mawa wa tsiku lija."

Ndinaika mbale pansi.

Anandiuza kuti boti lawo linapeza amayi atatu ali mumtengo wa mkuyu kuseri kwa nyumba zathu: mkazi wanga, agogo ena, ndi mtsikana woyembekezera. Botilo linali litadzaza kale, madzi akulowera m'mbali, malo otsala a anthu awiri okha. Mkazi wanga ndi amene anagwira agogowo m'khwapa powatsitsa, kenako mtsikanayo.

"Ndinawauza kuti agwiritsitse, tikubweranso. Tinabweradi, aphunzitsi. Tinapeza mtengo utagwa."

Mtima wanga unatentha. Ndinafuna kumukalipira, koma nditaona mbale yake ikadali yodzaza, ndinadziletsa. Ndinangofunsa kuti, "Ankaopa?"

"Ankanjenjemera ndi kuzizira. Koma anandifunsa ngati msewu wochokera kuboma waduka. Nditavomera anati, 'Mukawaona aphunzitsi, muwauze asayese kuwoloka, adikire madzi aphwe.' Uthengawo ndausunga mpaka lero."

Ndinatembenukira kukhoma n'kulira. Iye sananditonthoze, anangokhala pomwepo. Kubwalo kwaya inali itayamba kuimba, ana akuthamangitsana pakati pa galimoto za kukhonsolo.

Patapita nthawi anandilozera mayi wina wamng'ono amene ankagawa thobwa, khanda lili kumsana. "Mtsikana uja ndi ameneyo. Anachira bwino, mwana wamwamuna."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, koma sindinathe kupita kukamupatsa moni. Ndinatola mbale yanga. Mpunga unali utazizira.

"Tiyeni tidye, bwana," ndinatero.

Tinadya pang'ono chabe. Anzake atamuitana kuti azinyamuka, anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kumapita.

Mawa lake nditaweruka ndinamuitana mwana wanga, amene pa nthawiyo anali mu Sitandade 7, n'kumufotokozera zonse monga ndinazimvera. Anamvetsera osandidula, akukanda mphasa ndi chala.

"Ababa, anabwereradi kukawatenga?"

"Anabwerera, mwananga."

Anagwedeza mutu, nadzuka, n'kutenga ndowa kupita kumjigo. Ndinamuona ataima pamenepo nthawi yaitali asanayambe kupopa.