Bowa wa Léontine ndi Njira ya Kuchigayo

M'mudzi mwathu muno mu Montclarou muli zinthu zitatu zoti mlendo aone, ngakhale kabuku ka ofesi yokopa alendo kamatchula zambirimbiri. Zenizenizo ndi katchalitchi kapaphiri komwe kiyi wake anatayika kalekale, kasupe wa kuseri kwa chigayo, ndi Léontine Cazalbou. Iyeyu m'kabukumo mulibe.

Léontine ndi mayi wamasiye, wamfupi, wa miyendo ngati ya mbuzi yakuphiri. Ankaphika kusukulu ya m'mudzi muno isanatsekedwe, moti theka la khonsolo yathu linakulira supu wake ndi mbama zake. Kuyambira ana ake ali aang'ono mpaka imvi kumutuwitsa mutu, ndiye ankapenta zizindikiro za njira ya alendo oyenda pansi: kamzere kachikasu pamwala, kena pamtengo, ndipo polowera molakwika, timizere tiwiri topingasa. Ntchitoyi ilibe malipiro, n'chifukwa chake inkagwiridwa bwino.

Njirayo imachokera pabwalo la msika, kutsikira kuchigayo chakale cha madzi, kudutsa m'mbali mwa khoma lake penipeni, kulowa m'nkhalango ya mudzi ya mitengo ya thundu, n'kukatulukira kukatchalitchi. Ndi ya mudzi, ndiye kuti ya aliyense.

Kenaka chigayo chija anachigula a Delorme a ku Paris. Ndi bambo waulemu, tisawanamizire. Anabwera kudzafuna bata, koma anapeza kuti bata lakumudzi limadutsa pawindo pawo ndi ndodo ziwiri ndi chikwama kumsana, likupereka moni. Anapempha khonsolo kuti iwagulitse chigawo cha njira chodutsa pakhomo pawo, aikepo geti.

Lamulo lathu limati njira ya mudzi sigulitsidwa pokhapokha anthu atasiya kuyendamo. Silinena ngati anthuwo asiye okha kapena athandizidwe kusiya. Meya wathu, a Aimé Rouffiac, anaona mpata umenewu. Komiti inakumana, inadya nkhomaliro, n'kugamula kuti alendo azidutsa mumsewu wa phula, komwe inaikako benchi ndi chikwangwani chachikulu chofotokoza mapiri amene chikwangwanicho chikuwatchinga. Léontine anathokozedwa pagulu ndi maluwa, njira yathu yochotsera munthu ntchito. Kampani ya m'tauni inabwera ndi penti wake n'kupingasa timizere tiwiri tachikasu pamwala wa pakamwa pa njira yakale.

Alendo athu amakhulupirira penti kuposa munthu. Léontine anatenga mpando n'kukhala pamphambanopo, kuuza aliyense kuti kumunsi kuli mthunzi ndi madzi ozizira. Ankamumvetsera mwaulemu, n'kuyang'ana pamwala, n'kuthokoza, n'kulowera kuphula kukapsa ndi dzuwa. Chilimwe chisanathe, minga inayamba kugwirana manja pakati pa njira. Iye ankaidula ndi chikwakwa, koma minga ilibe nyamakazi.

Tsiku lina anakalowa muofesi ya meya osagogoda. Ine ndinali momwemo, ndikudikira siginecha ina yomwe mpaka pano ndikuidikirabe.

“Aimé iwe, njira ija ukufuna kuigulitsa?”

“Mayi Cazalbou, nkhaniyi ili m'manja mwa komiti.”

“Komiti ndi iwe, mlamu wako, ndi uja amagona pamsonkhano. Ine ndimadutsamo tsiku ndi tsiku.”

“Lamulo likuti anthu, mayi. Inu ndinu munthu mmodzi.”

“Pamene unkalira kusukulu utanyowetsa kabudula, ndinali anthu angati?”

A meya anasanjasanja mapepala omwe anali osanjika kale. Anati kubwera mkulu wofufuza wochokera kunja kwa mudzi, adzaona yekha ngati njirayo ikuyendedwa, ndipo iwo alemba kale kuti simudutsa ngakhale galu.

Tsopano pali chinthu china chomwe mudzi wonse unkachidziwa koma osachidziwa. Léontine anali ndi malo ake a bowa. Mvula ya mu Seputembala ikangogwa, ankasowa, n'kudzatulukira ndi dengu lodzaza ndi bowa uja wa mutu wofiirira, watsinde lonenepa ngati mkono wa khanda, amene timam'tcha cèpe. Kuno munthu akhoza kukuuza za matenda ake, za chibwenzi cha mkazi wake, ngakhale chipani chomwe anavotera, koma malo a bowa ayi. Léontine anawamva kwa apongozi ake ali pabedi lomaliza, ndipo akuti mayiwo anayamba atulutsa wansembe m'chipinda. Ana ake enieni sankawadziwa. A meya, ali mnyamata ndiponso atakula, anamutsatirapo mozemba kangapo konse. Iye ankawazunguza m'minga mpaka atang'amba buluku, n'kubwerera kunyumba dengu lili lopanda kanthu dala.

A Delorme anamva zoti Léontine amakonda nkhalangoyo. Anabwera pamphambano paja ndi botolo la vinyo wabwino.

“Mayi, sindikufuna kukuvutitsani. Geti likaikidwa, ndidzakupatsani kiyi wanuwanu. Muzidzadutsa nthawi ina iliyonse, inu nokha.”

Kunena zoona, ine ndikanalandira. Nkhalango yonse, bowa yense, popanda wokutsatira kumbuyo, mpaka imfa.

“Zikomo bambo,” anatero Léontine. “Koma njira ya kiyi si njira, ndi khonde la munthu. Ine ndakalamba, sindingayambe lero kuyenda pakhonde la eni. Vinyoyu musiyeni, alibe mlandu.”

Mvula inagwa. Mkulu wofufuza analengeza kuti adzayendera njirayo Loweruka lotsatira. Lachinayi, tsiku la msika, Léontine anafika pabwalo ndi dengu lodzaza, losavundikira, chinthu chomwe sanachitepo. Analikhazika patebulo la panja pa nyumba ya khofi, pomwe a meya, wogulitsa tchizi ndi alendo angapo a ku Toulouse anali kumwa. Anandiitana ine, poti ndinapuma pantchito yogulitsa mankhwala ndipo anthu amabwerabe kwa ine kuti ndiwaonere ngati bowa wawo ndi wodyedwa.

“A Mankhwala, tandionerani uyu.”

“Mayi, inu mufunse ine za bowa?”

“Onani basi, ndipo mundifunse mokweza komwe ndam'tenga.”

Ndinafunsa. Anthu anaseka, poti funso limenelo kuno ndi nthabwala, ngati kufunsa nkhandwe komwe imagona.

“Mukatsika ndi njira yakale,” anatero Léontine, mawu ake a kukhitchini yasukulu, “mukadutsa chigayo ndi kasupe, pali thundu lomwe linang'ambidwa ndi mphenzi. Musakwere. Tsikirani kumanzere, kuseri kwa khoma logumuka. Kuyambira pamenepo mpaka kukhwawa.”

Wogulitsa tchizi anavula chipewa ngati kwadutsa maliro. Mlendo wina anali atayamba kale kulemba pafoni.

“Léontine, wapenga?” a meya ananong'ona, kuiwala za Mayi Cazalbou.

“Ndakalamba chabe. Imwa khofi wako, akuzizira.”

Loweruka m'mawa magalimoto anandanda mpaka kumanda. Kunabwera a m'midzi yoyandikana, a m'tauni, ena ochokera kutali omwe anamva kwa msuweni wa msuweni. Onse ankafika pamwala wa timizere topingasa, n'kuulumpha ngati palibe cholembedwa. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti penti amalamula mlendo wa chikwama, koma alibe mphamvu pa munthu wa dengu. Minga ija inapondedwa mpaka kusanduka mphasa.

Mkulu wofufuza anali bambo wodekha, wopuma pantchito ya sitima zapamtunda, wovala nsapato zopolisha. Ine ndinamuperekeza ngati mboni. Anayamba kupereka moni kwa aliyense wokumana naye, koma tisanafike pakasupe anatopa, n'kumangogwedeza mutu. A Delorme anali pawindo, kapu ili m'manja, akuonerera bata lawo likudutsa pamzere.

Kuseri kwa khoma logumuka tinapeza munthu atagwada, matako kumwamba, mutu m'masamba. Atatembenuka, anali a meya, kampeni m'dzanja, dengu pambali.

“Bwana Meya,” anatero mkuluyo, “si inu munalemba kuti muno simudutsa ngakhale galu?”

“Ndabwera kudzaona mmene zinthu zilili.”

“Zilidi bwino. Bowa uyo wakumanja kwanuyo musamusiye.”

Léontine anali atakhala pakhomapo, manja pachifuwa, wopanda dengu.

“Aimé, dula bwino, usazule ngati nguluwe. Zaka zonsezi ukung'amba mabuluku, lero wafika.”

Njira sinagulitsidwe. Mkuluyo analemba kuti imayendedwa ndi anthu ambiri, kuphatikizapo akuluakulu a mudzi. Khonsolo inalandira chigamulocho mogwirizana, ndipo a meya anayankhula mogwira mtima za chuma chomwe makolo anatisiyira.

Malo a bowa aja anatha. Anthu anapalasa masamba mpaka dothi kuonekera, ndipo chaka chilichonse mvula ikagwa amafikako kusanache bwino, Léontine asanamange nsapato. Bowa wa pamsika sagula. Amati ndi wa anthu osadziwa kuyenda. Ndinamupeza tsiku lina akukazinga mazira okhaokha, nyengo yomwe kale nyumba yake inkanunkhira mpaka kumsewu. Ndinamufunsa ngati apongozi ake sakumulondalonda kutulo.

“Abwere,” anatero. “Adzera njira iti, ngati si yomweyo?”

Timizere topingasa tija tikadalipo pamwala. Kuti tifufutidwe pafunika komiti, ndipo komitiyo ikudikira komiti ina. Léontine amadutsapo m'mawa uliwonse ndi chikwakwa chake, ndipo akafika pamwalapo amapukutirapo matope a kunsapato.