Mtima Ukuthamanga

"Mudzagwera pamsewu ngati bambo anu, muona!" anakuwa mayi akunyumba, atapeza wotchi yanga m'kabati. Anandigulira ndi mwana wathu, yoyeza kugunda kwa mtima: ikalira uli kuthamanga, uchepetse liwiro. Munthu wamkulu ngati ine kulamulidwa ndi wotchi? Ndinamenyetsa chitseko, koma mawu aja ananditsatira panja.

Ndili mwana, bambo anga ankakankha njinga ya makala pachitunda cha ku Bangwe, ine ndili pambuyo. Malaya awo ankanunkha thukuta ndi utsi. Akaima, ankagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Iwe, mtima ukuthamanga." Ine ndinkayesa kuti mtimawo uli ndi miyendo, ukufuna kuthawa. Ndinkawakanikiza pachifuwa ndi manja onse awiri kuti usatuluke, iwo n'kumaseka.

"Waugwira? Tiye, makasitomala sadikira."

Tsiku limene anagwa, ndinali kusukulu. Ndinalira poganiza kuti panalibe wougwira mtima uja. Lero ndikudziwa kuti unkangopempha kupuma.

Kutacha, mayi akunyumba asanandiyankhulebe, ndinavala wotchi ija n'kupita kothamanga. Italira pachitunda cha ku Zingwangwa, ndinaitukwana, koma ndinayamba kuyenda.