Gawo langa ndi belo la majekete

Kachewere ndi wachilungamo. Ukamusunga kwambiri amayamba kuphuka, kenako fungo, ndiye umadziwa wekha kuti ndigulitse lero kapena ndikataye mawa. Ndinakulira malonda amenewo kwathu ku Angónia, ndipo ndi kachewere yemweyo amene anatibweretsa ku Tete ine ndi amuna anga. Koma zovala, ayi ndithu. Malaya saola, saphuka, sakuuza kanthu. Amangolendewera pachingwe, iwe mutu ukuwawa.

Banka ya zovala, kamalo kogulitsirapo pamsika, tinali nayo awiri, ine ndi mnzanga wachinyungwe wa ku Mpadue, mayi wathupi, wosasunga mawu m'kamwa. Tinkagulitsa kalamidadi, zija anzathu a ku Malawi amati kaunjika. Tinkasonkherana n'kugula belo lomanga ndi mawaya, osadziwa za m'kati, ndipo phindu tinkagawana pakati. Iye ankanditchula mana, ndiko kuti mchemwali, inenso chimodzimodzi.

Chimene chinandikola pa ntchito imeneyi ndi tsiku lodula mawaya. Belo limapuma kuti fuu, fungo la mankhwala n'kukumenya m'mphuno, mtima uli phaphapha. Mana ankathamangira kuona mitengo, ine ndinkathamangira m'matumba. Ndapezamo mabatani, switi yosungunuka, ndi kagolovesi kamodzi ka mwana. Kameneko kanandivutitsa sabata yathunthu. Nanga dzanja linalo mwanayo analitani? Amayi ake anamukalipira? Mana ankati ndili ndi matenda.

Chaka china, dzuwa lili pachimake mvula isanagwe, tinagula belo limene wogulitsa analumbira kuti ndi malaya opepuka. Amene sanakhaleko ku Tete nyengo imeneyo asandiuze za kutentha. Mbuzi zimabisala pansi pa malole, madzi a m'chigubu ukhoza kusambitsira khanda osawaika pamoto. Tinadula mawaya. Majekete! Aubweya, olemera, ena okhala ndi zipewa zake. Mana anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, atatha anatukwana m'Chinyungwe mawu amene sindingawalembe pano.

Mwezi womwewo ntchito ya amuna anga inatha. Ankalondera pamalo pomwe ankamanga nyumba, ndiye nyumba ikatha mlonda wake ndi wa chiyani? Iwo anati tibwerere kumudzi, munda wa makolo awo ukungomera tchire. Mbewu ndi feteleza zinkafuna ndalama, ndipo chogulitsa tinali nacho chimodzi chokha, gawo langa la banka. Wogula analipo kale, msuweni wa mana, amene ankangozungulira pamalopo ngati mphaka pa nsomba. Ndikagulitsa, Tete ndatsanzika. Ndikasunga, amuna anga apita okha.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi," anatero amuna anga. "Munthu akufuna lero, mupatseni lero."

"Bambo, ndani amagulitsa banka itadzaza majekete mwezi uno? Atipatsa mtengo wa nkhuku yodwala. Tidikire Junyu."

Sanatsutse. Mvula itayandikira anakongola mbewu kwa mlongo wawo n'kutsogola kukadzala, ine n'kutsala ku Matema, komwe tinkakhala mu Tete, ndi ana komanso matumba a majekete kunsi kwa bedi. Lamulungu lililonse ndinkawayanika kuopa nkhungu ndi makoswe. Anansi ankaima pampanda. "Mwamva kuti kugwa matalala, amayi?" Ndinkawayankha kuti akadzazizidwa asadzandipemphe ngongole.

Miyezi imeneyo funso linandizunguza mutu: kodi munthu amadziwa bwanji kuti nthawi yogulitsa chinthu chosaola yakwana? Ndinafunsa aliyense. Woyendetsa lole ya kachewere anati gulitsa anthu akadakusirira. Mayi wogulitsa tomato pafupi nafe anati chimene chikukudyetsa sugulitsa, ngakhale chikudyetse pang'ono. Msuweni uja, eee, yankho lake linali lodziwikiratu. Ndinafunsanso mana.

"Usandiike pamoto, mana," anatero. "Ndikati gulitsa, uti ndikukuthamangitsa. Ndikati usagulitse, amuna ako andida. Gwira waya uyo tidule."

Junyu anafika. Ku Tete mwezi umenewu m'mawa mumangopita kamphepo, koma Anyungwe amavala ngati akupita kumaliro a chisanu. Zaka zonse ndinkawaseka. "Kuzizira kwake kuti? Mudzapite kwathu mukaone mame akuluma zala!" Chaka chimenecho sindinaseke, ndinawagulitsa majekete, ndipo anansi anga aja anali oyamba kubwera. Otsala, olemera kwambiri, ndinawamanga kuti ndikagulitse kumudzi. Msuweni ndinamulonjeza kuti ndikabwerako ndidzamupatsa yankho.

Ndinatsika chapa, minibasi zathu zija, kwathu dzuwa litapendeka. Mayo ine! Mphepo inandilowa m'mafupa, mano n'kuyamba kugundana okha. Ine amene ndili mtsikana ndinkapita kuchitsime mbandakucha wopanda nsapato! Ndinamasula thumba pamsewu pomwepo n'kuvala katundu wogulitsa, jekete limodzi, kenako lina pamwamba. Alamu anga, mlongo wa amuna anga, atandiona anagwira m'mimba.

"Bwerani mudzaone, kwabwera Mnyungwe!"

Ndinapsa mtima, ndisaname. Koma mkwiyo utatsika ndinayamba kudabwa. Kodi magazi a munthu amasintha liti? Tsiku lake ndi liti limene thupi langa linasamuka osandiuza? Ndinkaganiza kuti ku Tete ndikungogona kudikira kubwerera, koma khungu linali litalembetsa kale kumeneko.

Pamsika wa kwathu majekete anatha dzuwa lisanafike pamutu. Anthu ankalandana, abambo akuluakulu kukokerana mkono wa jekete ngati ana. Mayi wina amene anachedwa anandifunsa kuti ena ndibweretsa liti.

"Mwezi wamawa," ndinatero.

Mawuwo anatuluka okha, ndisanawaganize. Nditacheuka ndinapeza amuna anga ataima kumbuyo kwanga ndi mtanga wopanda kanthu. Anamva. Koma njira yonse yobwerera kunyumba ankangondiuza za kachewere, kuti wachita bwino kumunsi koma kumtunda wapserera.

Panali jekete limodzi limene sindinaliike pamsika. Ndinalipatula tsiku lomwe tinadula belo lija, lalitali, lotuwa, la ubweya m'kati, mapewa ake ofanana ndi awo. Mana analiona ndikulibisa ndipo anangotsokomola. M'mawa mwake ndinawatsatira kumunda, mame ali mbuu, n'kuwapatsa. Anaika khasu pansi, n'kuvala, n'kupisa manja m'matumba.

"Landikwana. Munandiyeza liti?"

"Ndi maso, bambo."

"Lotentha ndithu," anatero akusisita ubweya wa m'kati. "Ndiye kuti munadziwa kalekale kuti chisanu cha kuno ndizichimva ndekha."

Sananene mokalipa, ndipo n'chimene chinandipweteka. Akanakalipa ndikanawayankha, pakamwa ndili napo. Ndinafuna kunena kuti ayi, ndinangoliona kukongola, koma ndinakumbukira kuti ndinalisankha la munthu mmodzi, langa osasankha. Ndinalira pomwepo pakati pa mizere, ndipo iwo anangoima n'kumayang'ana kumapiri mpaka nditatonthola.

Gawo lija sindinagulitse, ndili nalo mpaka lero. Msuweni anakwiya miyezi ingapo n'kukatsegula banka yake ya nsapato. Mawaya tikudulabe ine ndi mana, m'matumba ndikupisabe, ndipo kumudzi ndimapita ndi majekete nyengo yozizira ikafika. Ngati ndinachita bwino, musandifunse ine.

Tsiku lobwerera ku Tete, ulendo woyamba uja, amuna anga anandiperekeza kumsewu atavala jekete lawo, atasenza thumba la kachewere woyamba kukumba. Chapa itaima anakweza thumbalo okha, n'kulimanga bwinobwino, kenako anabwera pawindo pomwe ndinakhala.

"Ana akadye wina, wotsalayo mukagulitse msanga, mayi," anatero. "Zinthu za kuno sizichedwa kuphuka zikakhala kutali ndi mwini wake."