Mkono wa Fabiano ndi makina a apongozi

Ku Kakumbi panalibe amene sankamudziwa Fabiano Chulu, dalaivala wa pa loji ina ya m'mphepete mwa Luangwa. Ntchito yake inali yonyamula alendo pa galimoto yopanda denga n'kukawaonetsa nyama m'paki. Anayamba ndi kutsuka matayala, kenako n'kumagwirira makaniko sipanala, mpaka tsiku lina anamupatsa makiyi. Anali wamfupi, wojintcha, wosathamangira kulankhula. Njovu ikatseka msewu n'kumakupiza makutu, alendo kumbuyo atauma ndi mantha, iye ankangozimitsa injini n'kupinda manja, kudikira kuti mwini msewu adutse. Anzake ankati mantha anawaiwala m'mimba mwa amake. Ankanama. Analipo munthu mmodzi amene ankamutulutsa thukuta, ndipo munthuyo ankavala diresi yoyera ya unesi.

Anali apongozi ake, Mayi Lubasi. Kwawo kunali ku Mongu, koma boma linawatumiza kuchigwa kuno mwana wawo Jenny ali wamng'ono, ndipo anakhazikika. Anali mayi wosapita m'mbali polankhula, woti anaona matupi a anthu a mitundu yonse mpaka manyazi anawathera. Fabiano ndiye analeredwa ndi amalume ake a ku Nsefu, anthu ogwira mwambo ndi manja awiri. Kumeneko anaphunzira kuti mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya iwo akuona, sakhala pampando iwo alipo, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Chikwatirireni Jenny, minga ya ku Kakumbi inamudziwa bwino. Mayi Lubasi poyamba ankaseka, kenako anazolowera, ndipo nkhani zonse za awiriwa zinkadzera mwa Jenny.

Mvula ya 1994 itatha, pa loji panabwera manijala watsopano. Iyeyu anamva kuti ku kampu ina dalaivala anakomoka ali pa chiwongolero, choncho analamula kuti alendo asanayambe kufika, dalaivala aliyense akapimidwe kukiliniki, nesi asaine kuti ali bwino. Wopanda siginecha, makiyi apita kwa wina. Kwa Fabiano imeneyi sinali nkhani yamasewera. Munda anali nawo, koma ku Kakumbi munthu amalima, njovu n'kukolola. Banja lonse linkadya za pa chiwongolero.

Anapalasa njinga dzuwa lili pamutu, akupemphera kuti akapeze bambo amene ankagwira ntchito limodzi ndi apongozi akewo. Tsoka lake, bamboyo anali atapita ku Chipata kukatenga mankhwala. M'chipinda chopimira munali Mayi Lubasi okha.

"Mwaswera bwanji, atate a Silas? Lowani, khalani pa mpando apo."

Fabiano analowa chammbali, n'kunjuta pafupi ndi chitseko, nkhope kukhoma. "Pano pali bwino, amayi," anayankha khomalo.

Anamuuzanso kachiwiri, koma mkamwini anali atamera mizu. Panja mzere unali wautali, ana akulira, ndiye Mayi Lubasi anangoti chabwino. Fabiano anatambasulira mkono m'mwamba chakumbuyo, dzanja lina litagwira chigongono monga amachitira munthu polandira chinthu kwa wamkulu. Zala za apongozi zitamukhudza pomanga lamba wa makina opimira BP, anagwira mpweya. Thukuta la panjinga linakumana ndi thukuta la manyazi, mtima ukugunda mpaka m'makutu.

"Wani fifite ova nainte-faivi," anatero Mayi Lubasi. "Yakwerako. Lero sinisaina."

Kwa Fabiano, BP inali matenda a anthu amene amagwa mwadzidzidzi, kukamwa n'kupotokera kumbali. Anabwerera kunyumba akukankha njinga, poti anaopa kugwera mumsewu. Anauza Jenny kuti ntchito yatha, chakudya n'kuchikana. Mumtima analinso ndi mkwiyo. Siginecha imodzi yokha, kumana mkamwini wako? Nanga mwana wawo yemweyo ndi adzukulu awo adya chiyani? Koma mkwiyo wa pa apongozi ulibe kopita nawo, ndiye anangokhala nawo pakhonde.

M'mawa mwake Mayi Lubasi anatulukira pakhomo ndi kachikwama kachikopa. Fabiano atangowaona patali anazembera kuseri kwa nkhokwe. Iwo anakhala pamphasa ndi Jenny n'kuyamba kulankhula mokweza, kuti nkhokwe nayo imve.

"Uwauze amuna ako kuti kupima kamodzi si matenda. Munthu wachoka pa njinga, wanjuta monga ali kumaliro, mkono uli kumwamba, mpweya wagwira, manje ufuna makina akambe chani? Namba ya pamwamba ni mphamvu ya magazi pamene mtima ukankha, ya pansi ni pamene upumula. Yabwino ni pafupi na wani twente ova eite. Yawo yakwera pang'ono chabe, si yogwetsa munthu lero. Koma nifuna niziwe ngati ni thupi lawo kapena ni ine."

Jenny anaseka mpaka misozi.

M'kachikwamamo munali makina awoawo, osati a boma: lamba wa pamkono, kampira kopopera, kawotchi ka muvi umodzi ndi timapaipi ta m'makutu. Anaphunzitsa Jenny pa mkono wawo womwe. Apope mpaka kugunda kuleke kumveka, atsegule mpweya pang'onopang'ono, aone pamene muvi uli kugunda kukayamba ndi pamene kwathera. Jenny analakwitsa kangapo, amake akumukalipira ngati mwana wa sukulu, mpaka khutu linagwira. Mayi Lubasi anamuuzanso kuti wopimidwa azikhala pampando, msana utatsamira, mapazi pansi, mkono pathebulo, ndipo ayambe wapuma kaye osalankhula. Azimupima m'mawa asanamwe tiyi, ndiponso dzuwa likapendeka.

Zokhala chete Fabiano sizinamuvute, munthu wozolowera kudikira njovu. Chinamuvuta n'choti mkazi wake azimulamula kuti tsamirani, tsekani pakamwa, musagwedeze mwendo. Jenny nayenso udokotalawo unamukoma kwambiri. Ankalemba manambala pa kalendala ya pakhoma: lero 138/88, mawa 142/90, tsiku lina 135/85. Fabiano ataona kuti atsika ananyadira, n'kunena kuti mwaona, vuto ndi amayi anu. Jenny anamuyankha kuti atsika inde, koma sanafike pamene amayi ananena.

Apa m'pamene nkhondo inalowa kukhitchini. Fabiano ankakonda mchere moti ankakhala ndi kambale kakekake pambali, n'kumathira asanalawe n'komwe. Kambaleko kanasowa. Nsomba zouma zamchere Jenny anayamba kuziviika kaye m'madzi, ndipo analengeza kuti masoseji otsala amene ophika a pa loji ankagawira madalaivala asadzalowenso m'nyumba muno. Fabiano ankadandaula kuti ndiwo zikukoma ngati madzi a mvula. Ankadya ndithu, poti njala ilibe mwano.

Masiku anapita, udzu wa m'paki unayamba kuuma, madalaivala anzake onse anapereka mapepala awo. Manijala anatumiza uthenga kuti sangadikire mpaka kalekale, pali mnyamata wa ku Chipata wa laisensi yake amene akufuna malowo. Jenny anapita ndi kalendala kwa amake kuti asaine.

"Manambala naona, wachita bwino," anatero Mayi Lubasi. "Koma ine sinisaina chinthu chimene makutu anga sanamve. Kumbuyo kwa amuna ako kumakhala anthu amoyo."

Fabiano anagwira njakata. Kukhala pampando apongozi ali pomwepo sakanatha, ndipo akanati ayesere, mtima ukanamuperekanso. Kukana, ndiye kuti makiyi apita. Anafika poganiza zopalasa njinga mpaka ku Jumbe kukafuna nesi wina, koma Jenny anamufunsa kuti akafika kumeneko ali wefuwefu, makinawo akanena zotani.

Nzeru inachokera kwa Jenny yemweyo. Loweruka m'mawa anakokera thebulo pakhomo la kuchipinda, theka mkati theka pabalaza, n'kupachika chitenje kuchokera pamwamba pa chitseko mpaka pathebulopo. Fabiano anakhala pampando kuchipinda, msana utatsamira, n'kutulutsa mkono wokha kunsi kwa nsalu. Mayi Lubasi atafika anayang'ana mkono uli pathebulo wopanda mwini, anapukusa mutu, koma sanaseke. Anamanga lamba n'kuusiya. Anayamba kucheza ndi Jenny za mbewu ya maungu, za mvuu imene inalowa m'dimba la aphunzitsi, za denga la tchalitchi lodontha. Poyamba mkonowo unali gwa, nkhonya itafumbatidwa. Nkhani ya denga isanathe, zala zinatambasuka zokha.

Anapopa, namvetsera. Anadikira pang'ono n'kupopanso.

"Wani thete-eiti ova eite-sikisi," anatero. Kenako sanatembenukire kwa Jenny monga mwa masiku onse. Analankhula ndi nsaluyo. "Atate a Silas, galimoto muyendetsa, nisaina. Mankhwala pakali pano simufunika. Koma namba iyi ili pa malire, ndipo siwawa, ndiye kuipa kwake. Mchere muuleke ndithu, ndipo muzipimidwa."

Cholembera chinamveka chikuyenda papepala. Fabiano anamva mtima wake ukukhala pansi, ndipo anachita manyazi ndi mkwiyo uja anasungira mayiyu. Jenny anayamba kupinda lamba kuti abwezere m'kachikwama ka amake, koma iwo anamugwira dzanja.

"Yasiye, yakhala kuno. Makina aya sininagulire nchito. Ninaitanitsa ku Lusaka chifukwa cha atate ako, ukali khanda kumbuyo kwanga. Anawapeza na namba monga iyi, iwo akuti nilibe kudwala, kukiliniki siniyenda. Ninati nikagula yanga niziwapimira kunyumba. Basi inabwera nayo titaika kale maliro. Anali na zaka monga za amuna ako."

Jenny anakhala pansi pomwepo, lamba ali m'manja. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

Mayi Lubasi anaika pepala m'dzanja limene linali pathebulo, n'kuimirira kuti azipita. Ali pakhomo, kuseri kwa chitenje kunachoka mawu, otsika koma omveka bwino, ndipo sanadzere mwa Jenny.

"Amayi, mwezi wa mawa mubwerenso muzanipime."

"Nizabwera, mwana wanga," anayankha.