Chipembere cha a Feston

Achimwene anga a Feston Maganizo anabwerako ku Halale m'chaka cha 1981 ali ndi zinthu ziwiri, mwendo wopunduka ndi njinga yamoto. Mwendowo unaphwanyidwa ndi mwala kumgodi. Njingayo anagula kwa kapitawo wachizungu amene ankabwerera kwawo, ndipo anaikwera okha kudzera ku Zambia mpaka kudzaima pakhomo pa amayi, kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Musaganize za kanjinga ayi. Chinali chinjinga chakuda cha maulendo ataliatali, cha mabokosi awiri achitsulo m'mbali, ndipo chikamalira nkhuku zinkathawira pansi pa nkhokwe. Ana anachitcha Chipembere, dzinalo n'kukhazikika.

M'mabokosimo munkakhala zipangizo zawo. Achimwene ankakonza nyali zopopa, zija asodzi amaitanira usipa, ndiponso makina osokera. Lolemba ankakhala padooko la kwathu, Lachitatu ku Nkhunga, Lachisanu ku Ngala, ndipo asodzi ankachita kuwadikira nyali zili pamzere. Wapansi sankatha kufika ngakhale kumsewu osapumula kawiri. Njingayo ndiyo inali miyendo yawo, ndipo popanda iyo ntchito panalibe.

Munthu ameneyu, pa zaka zonse zimene ndinamudziwa, sanauzepo wina kuti chinthu chako chatha, kachitaye. Nyali ibwere yopindika, yadzimbiri, yoti ngakhale mwini wake akuchita nayo manyazi, iwo ankaitembenuza m'manja n'kunena kuti, “Chitsulo sichifa, chimangosowa wochimvetsera.” Ankadula kachikopa ka nsapato yakale, n'kukaika mumpope, nyali n'kuyaka. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina adzakonza ndi mazira osweka omwe.

Ine ndine Nester, mlongo wawo wamng'ono, ndipo tsoka langa ndinakwatiwa ndi a Alufandika, msodzi wa boti limodzi koma pakamwa pa maboti khumi.

Matipate atabwera, anthu anapenga ndi mawu amodzi akuti zinthu zasintha. Mwana wakana kutunga madzi, zinthu zasintha. Munthu wataya ketulo yabwinobwino chifukwa pamsika pabwera ina yonyezimira, zinthu zasintha. Amuna anga mawuwo anawakonda kuposa ndiwo. Ndiye mu Meyi 1995 Chipembere chinatsokomola kawiri pafupi ndi mlatho wa Bua n'kukhala chete. Anachinyamula pa ngolo kupita nacho kuboma kwa a Mohamedi, makanika amene ankachidziwa kuyambira kale.

A Mohamedi anatsitsa injini, n'kuitsegula, n'kupukusa mutu. “Pisitoni yasweka, a Maganizo. China chilichonse m'katimu n'cholimba, chikhoza kuyendanso zaka khumi. Koma pisitoni ya mtundu uwu kuno kulibe. Njira n'ziwiri. Mukaisake ku Lilongwe, kaya mukaipeza kaya ayi, apo ayi mukagule mwa tinjinga tatsopano tabwera tija.” Anaitsekanso bwinobwino, n'kuithira oyilo kuti isachite dzimbiri, n'kuikulunga m'chiguduli.

Nkhani itafika kumudzi, aliyense anasanduka mlangizi. Anthu oti njinga yakapalasa yomwe alibe! Koma mtsogoleri wawo anali mwamuna wanga.

“Alamu, musadzivute,” ankatero a Alufandika atakhala pakhonde, miyendo ili tambalale. “Zinthu zasintha. Chinkhalamba chimenechi chadya kale zake. Tatsopanoti simuponda ndi mwendo ayi, mungodina kabatani, tayaka. Ndi mwendo wanuwo mufuniranji china?”

Achimwene anangoseka. “Mako ndi mako, alamu, usamuone kuchepa mwendo. Komabe ndikaona zonse ziwiri ndi maso anga, ndikatero ndidzasankha.”

Anagulitsa mpunga wa chaka chatha n'kukonzeka ulendo. Akazi awo anali atamwalira kale, nyumba ikanatsala yokha, ndipo masiku amenewo akuba anali atachuluka. Choncho anabweretsa Chipembere kwanga, njinga payokha, injini payokha m'chiguduli chake. Tinaika m'kachipinda kosungiramo makasu.

“Mlongo wanga, undisungire,” anatero.

“Pitani bwino, achimwene, palibe adzachikhudze,” ndinayankha. Mawu amenewo amandiwotcha mpaka lero.

Unali mwezi wa Juni, mpunga utacha. Ndinapita kumunda kwathu kudambo, kumene tinkagona mumsasa mpaka kukolola kuthe. Ndinakhalako masiku asanu. Pobwerako ndinalowa m'kachipinda kaja kukaika zenga lodulira mpunga, ndipo ndinapeza chiguduli chili pansi chopanda kanthu.

Ndinatuluka ngati wolumidwa ndi mavu. Amuna anga anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde.

“Bambo, injini ya achimwene ili kuti?”

“Aa, chitsulo chija? Ndamangira boti,” anayankha osadzutsa ndi mutu womwe. “Mwala wanga wa nangula unasweka.”

“Mwatani?”

“Iwe Nester, wabadwira kunyanja kuno, usachite ngati mlendo. Injini ikafa ntchito yake ndi nangula. Pita padooko ukaone, boti la ndani lilibe chitsulo chotero? Alamu apita kukagula yatsopano. Munthu wanzeru zake angabwere ndi kapisitoni m'thumba, tinjinga tonyezimira atationa?”

Abale, zoti padooko pathu injini zakufa zimasanduka nangula n'zoona, sindikana. Koma iyi inafa liti? Anaiika maliro ndani? Chinthu chokulungidwa bwinobwino, chothiridwa oyilo, chili m'nyumba mwa mlongo wa mwini wake, munthu n'kuchinyamula osafunsa, n'kukachiponya m'madzi! Ndinawauza mawu amene sindingabwereze pano, anthu oyandikana nafe anatuluka kudzaonerera. Ndinati apite nthawi yomweyo akaizule.

“Taona mwera uwo,” anatero akuloza kunyanja. “Ndani angapalase bwato pamenepo? Mawa kukacha.”

Mwera unali utayambadi, mafunde akuchita thovu. Boti lawo analimangira patali, kuseri kwa pamene mafunde amasweka, kuti lisamenyetseke pagombe. Mawa lija linakhala mkuja, mwera osaleka. Ine ndinkangoima pagombe kuyang'ana botilo likudumphadumpha, mtima uli m'mwamba. Tsiku lachitatu m'mawa tinalipeza lili pamchenga chagada, kachingwe kakafupi kali lende kutsogolo.

Chimene amuna anga sanaganize, ndi nzeru zawo zonse za zinthu zasintha, n'choti injini ya njinga siili ngati mwala. Ili ndi timizere tachitsulo takuthwa m'mbali, tija timaiziziritsa ikatentha. Boti likamadumpha, chingwe chinkakhukhuzika pa timizereto mpaka chinaduka.

Mwera utaleka ndinatenga nkhuku zanga ziwiri n'kupatsa amuna odziwa kumira kuti akafufuze. Anamira masiku awiri. Koma amene amadziwa pamene Bua amathira akudziwa kuti mchenga wa pamenepo umayenda. Chimene wakwirira, wakwirira. A Alufandika ngakhale malo enieni sankawakumbuka, ankangoloza uku ndi uku ngati munthu wothamangitsa ntchentche.

Achimwene anabwera patatha milungu iwiri, masana dzuwa lili paliwombo, atakwera ngolo ya munthu wina kuchokera kumsewu. Nkhope ili mwee, kuseka kuyambira patali. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi. Amuna anga anali pomwepo, maso ali pansi.

“Ndationa tinjinga tanu tija, alamu,” anayamba motero. “Ndinakwerapo kamodzi. N'tokongola, sindinama, ndipo kabataniko kanandikopa. Ndinagona masiku awiri ndikulingalira. Koma n'topepuka ngati mbale. Mabokosi anga awiri aja tinganyamule? Mchenga wa ku Ngala tingaudutse? Ndinafunsa wogulitsayo kuti kakawonongeka ndimatsegula pati, iye akuti mudzabwere nako kuno. Ha! Ndinati zikomo, mwana wanga.”

Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'mpango. Anamasula pang'onopang'ono.

“Masiku khumi ndikuyendayenda ndi mwendo uwu, magalaji onse ndawamaliza. Ndinakaipeza kwa mdala wina wosunga zitsulo zakale kuseri kwa msika. Yatsopano, sinagwirepo ntchito. Taonani kuwala kwake! Mawa ndipita kwa a Mohamedi. Lachisanu likudzali anthu a ku Ngala adzamva Chipembere chikulira.”

Ine misozi inangoyamba yokha. Ndinayang'ana amuna anga kuti alankhule, pakamwa paja pa maboti khumi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinanena ndine, zonse, kuyambira chiguduli mpaka chingwe.

Achimwene sanakalipe. Bola akanakalipa, bola akanatenga ndodo yawo n'kuswa nayo mutu wa munthu, ine ndikanawathandiza. Anangofunsa kuti, “Pakuya bwanji?” Atauzidwa, anakulunganso pisitoni ija m'mpango n'kuibwezera m'thumba.

Apo m'pamene amuna anga anapeza mawu. “Alamu, pepani. Ine ndimayesa mukagula yatsopano.”

“Mumayesa,” anatero achimwene, n'kudzuka.

A Mohamedi anafunsa kwa anzawo ku Salima, ku Kasungu, mpaka ku Blantyre, koma injini ya mtundu umenewo sinapezeke. Za njinga yatsopano zinali zitatha, poti mpunga uja unathera pa ulendo ndi pa pisitoni. Akuluakulu anakhala pansi, amuna anga anagamulidwa mbuzi ziwiri. Mbuzi! Kodi munthu angakwere mbuzi kupita ku Nkhunga? Ine ndinatha miyezi itatu osawaphikira, ankakadya kwa alongo awo, ndipo sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono.

Achimwene anayamba kukhala pakhonde pawo. A padooko lathu ankabweretsabe nyali, koma a kutali anadikira, n'kutopa, n'kuyamba kugula zatsopano. Chipembere chopanda injini anachiimika m'nyumba, ndipo Loweruka lililonse ankachipukuta. Munthu amene ankadziwika madooko onse mpaka ku Dwangwa, dziko lake linathera pa mtengo wa mango wa pabwalo.

Tsiku lina m'mawa, chaka chitatha, ndinali kwa achimwene ndikuwasesera pakhomo. Ndinaona amuna anga akubwera atanyamula nyali yawo yopopa. Chichitikire nkhani ija anali asanapondepo pakhomopo. Ndinadziwa kuti uku ndiye kupepesa kwawo, poti amuna a kwathu kuno kugwada sadziwa. Anakhala pansi, anapereka moni, n'kuika nyaliyo patsogolo pa achimwene.

“Alamu, yasiya kukoka mpweya. Mundionereko.”

Achimwene anaitenga. Anapopa kamodzi, n'kumvetsera. Ngakhale ine, wongoonerera zaka zonsezi, ndinadziwa kuti vuto ndi kachikopa ka mumpope, ntchito yosatha ndi mphindi zisanu, ndipo nsapato yakale inali pomwepo pambali pawo. Anaitembenuza m'manja monga ankachitira kale, ndipo ine ndinaima ndi tsache kudikira mawu awo aja a chitsulo.

Anaibweza kwa mwini wake ndi manja awiri, mwaulemu.

“Yatha iyi, alamu,” anatero. “Kaguleni yatsopano.”

Amuna anga anailandira nyaliyo, kenako ananyamuka. Ine ndinasiya tsache pomwepo n'kupita kuseri kwa nyumba kukalira.