Amuna Anga

Ndinachoka kwa Wimbe chaka chimene fodya wa agogo anabwezedwa ku okushoni. Iwo ndi amene anandilera makolo anga atamwalira, ndipo monga achitira agogo aakazi kwa mdzukulu wamwamuna, ankanditcha amuna anga. Pokwera minibasi anati, "Pitani, amuna anga, koma musakandikwatirire kumeneko."

Ku Lilongwe ndinalembedwa pa kampani yokometsa mbiri ya makampani ena. Poyamba ndinkalemba nkhani zotumiza ku manyuzipepala. Ndinkagona ndekha m'kachipinda ka lendi, kwathu ndikungotumiza ndalama pafoni, mawu ayi. Kenako ntchito inasintha. Abwana anati masiku ano anthu sawerenga, amafuna nkhope yodziwika. Anabweretsa Yamikani, mnyamata wa m'tauni wotchuka pa intaneti. Mawu ndinkalemba ine, kutchuka n'kukhala kwake, ndipo kanema mmodzi ankamupatsa zoposa malipiro anga a pamwezi.

Kampani ina yogula fodya inafuna kanema wa mlimi wosangalala. Za mitengo anatiletsa kutchula. Mlimi weniweni ndi wotchipa kuposa wazisudzo, choncho abwana anakumbukira kuti ndili ndi agogo.

Tinakajambulira m'chigafa chawo choyanikamo fodya. Ine ndinaima kumbuyo kwa kamera n'kumawauza poti aseke. Yamikani anakhala pansi, akulephera kusoka masamba pa chingwe. Agogo anamumenya padzanja. "Osati choncho, amuna anga!"

Mawu amenewo sindinalembe ine. Abwana anawakonda, nawaika pa zikwangwani m'misewu. Tsiku lililonse ndinkadutsa pansi pa dzina langa, nkhope ili ya wina. Kanemayo ndinkamuonera mobwereza, kufuna kupeza poti agogo akunamizira. Sindinapapeze.

Kontilakiti itatha anandichotsa, Yamikani n'kutsala. Ndinabwerera kumudzi nyengo yothyola fodya, n'kupeza agogo m'chigafa chomwecho. Mtengo wa fodya sunasinthe, denga likudonthabe.

"Anakugwiritsani ntchito," ndinatero. "Yamikani uja amaseka chifukwa amalipidwa."

"Ndikudziwa. Nanenso anandilipira chitenje."

"Ndiye dzina langa munampatsiranji?"

Pomwepo foni yawo inalira. Anali Yamikani. Popanda kamera, popanda womulipira, ankafunsa za bondo lawo. Ine sindinkadziwa kuti bondo likuwavuta. Anacheza mpaka mayunitsi ake kutha, ine ndikuyang'ana nyerere pansi.

"Amaimba Lamulungu lililonse," anatero agogo, akumangirira foni pa nsonga ya chitenje chija. "Inu mumatumiza ndalama, zikomo. Koma ndalama sifunsa kuti mwadzuka bwanji."

Anakankhira mulu wa masamba kwa ine. Manja anga sanaiwale: ndinasoka mofulumira, mwaukali, kudikira kuti aone kusiyana. Anaona ndithu, naseka.

"Musakwiye, amuna anga aakulu. Mitala imafuna kupirira."